Zenera Limene Mwatitha Anasiya Chitsekulire

Musandifunse zaka, chifukwa sindinaziwerenge. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayenda nthawi yaitali ndi laputopu kumsana, yokulunga m'chitenje ngati mwana, ndipo pa ulendo wonsewo sindinaizimitsepo kapena kuiyambitsanso ngakhale kamodzi. Ndinkangotseka chivindikiro chake kuti igone, ndikafika kwina n'kuidzutsa. Sunali umbuli ayi. Ntchito ya makompyuta ndinaiphunzira, ndipo ndinkaidziwa kuposa mng'ono wanga Mwatitha. Izi ndidzanena mpaka kumanda.

Tinaphunzira limodzi kwa a Gwaza, bambo wina wadazi amene anali ndi kashopu kuseri kwa positi ofesi, m'tauni ina ya fumbi. Ine ndinkamasula kompyuta yonse, zam'kati mbwee patebulo, n'kuimanganso osatsala kachitsulo ngakhale kamodzi. Mwatitha ankangokhala phee pambali, kumvetsera nyimbo ya a Gwaza, imene inali imodzimodzi tsiku ndi tsiku.

"Ana anga, kugoneka kompyuta si kuipumitsa," ankatero. "Ukatseka chivindikiro imagona ndi katundu wake yense, n'kudzuka naye. Ngakhale kuzimitsa kumene, makina a masiku ano amabisako zina kuti adzadzuke msanga. Koma ukaiuza kuti iyambirenso, imatula zonse pansi. Ndipo maapudeti aja, zigamba zimene opanga makina amatumiza zotseka mabowo olowera akuba, sagwira ntchito mpaka itayambiranso. Chigamba sasokera pathupi, umayamba wavula."

Ine ndinkayasamula. Mwatitha ankalemba m'kope.

Kenaka bungwe lina loyang'anira makompyuta a m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'masukulu linafuna munthu mmodzi. Tinapita tonse awiri pa minibasi imodzi, titadzola mafuta a m'botolo limodzi. Kumeneko anatiloza kompyuta ya mlembi wawo, imene inkayenda ngati bilimankhwe. Ndinayamba ndine. Ndinaitsekula, kuuzira fumbi, kugwedeza mawaya, thukuta kamukamu kwa ola lathunthu, koma itadzuka inali chimodzimodzi, chifukwa ndinali nditangoizimitsa n'kuiyatsa. Mwatitha atalowa anangofunsa mlembi uja mwaulemu.

"Pepani amayi, munaiyambitsanso liti?"

"Iii, kaya mwanawe. Chiibweretsereni muno sindikukumbuka."

Anaseva makalata a mayiwo, natseka mapulogalamu imodzi imodzi, nadina poyambitsiranso, n'kupinda manja. Makina analemba kuti akuika maapudeti, asazimitsidwe. Iye anadikira osagwira kanthu. Itabwerera, kompyuta ija inkathamanga ngati yatsopano, ndipo wopatsidwa ntchito anali Mwatitha.

Ntchito ya batani limodzi, abale! Ine wodziwa matumbo a makina ndinabwerera chimanjamanja, iye n'kumayenda pagalimoto yoyera ya bungwe. Ndisaname, nsanje inandigwira. Anthu oyandikana nawo nyumba anasiya kundipatsa moni wanga. Moni wawo unasanduka wakuti, "Mng'ono wanu uja ali bwanji?"

Tsiku lina masana Mwatitha anatulukira kuchipinda chimene ndinkakhala, yunifolomu yositidwa bwino, fungo la sopo wodula.

"Achemwali, tandibwerekani laputopu yanu nditumize lipoti. Yanga ndaisiya ku ofesi."

Anatsekula imelo yake pazenera la pa sikirini losasunga kanthu, limene ukalitseka limaiwala dzina ndi pasiwedi yomwe. Ali mkati molemba, galimoto inaliza hutala panja. Anatumiza lipoti, nandipsompsona patsaya, n'kuthamanga. Zenera analisiya chitsekulire.

Ha! Ndinaseka ndekha. Wosamala uja, mwana wokondedwa wa a Gwaza, waiwala kutseka chitseko. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga. Abwana ake akumuyamikira. Mphunzitsi wamkulu wa kusukulu ina akumuthokoza. Namwino wina akumuitanira ku ukwati. Kalata iliyonse inkandibaya, koma maso sankachoka. Ndinadziwa kuti ndikangoiyambitsanso laputopuyo zenera lija lipita, ndipo pasiwedi sindinkaidziwa. Madzulo a tsiku lomwelo kabokosi kanatulukira pakona pa sikirini, kundifunsa ngati iyambirenso tsopano kapena nthawi ina. Ndinadina "nthawi ina". Mawa lake ndinalongeza, n'kutuluka m'tauni ija osatsanzika. Foni yanga ndinaizimitsa n'kuiponya pansi pa chikwama.

Matauni amene ndinadutsa sindingawatchule, chifukwa onse anali ndi khonde limodzi. Paliponse panali golosale yokhala ndi soketi pakhoma, mayi wogulitsa nthochi pansi pa mtengo, ndi anthu ofuna kulemberedwa. Ndinkatayipa makalata ofunsira ntchito, makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro. Anthu akachepa ndinkakokera zenera la Mwatitha patsogolo n'kumadya mtima wanga.

Koyamba ndinakhala pafupi ndi chigayo. Mwini wake, mkulu wina wa ndevu zoyera ndi ufa, ankandilola kutchaja. Dzuwa likafika pamutu ankathimitsa injini, ngakhale amayi atandanda mzere ndi madengu awo mpaka kumsewu. Ankachotsa sefa, kuigogoda, kuipukuta, kenaka n'kulizanso.

"Bwanji osamaliza kaye anthuwa?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Mayi, chigayo chosapuma chimagaya misere," anatero. Kenaka anaika dzanja pa laputopu yanga n'kulichotsa msanga. "Nanga chanuchi chikutentha bwanji ngati mbaula? Chimapuma?"

"Chimagona," ndinayankha.

"Ine ndafunsa za kupuma."

Sabata imeneyo ndinawerenga kuti Mwatitha amukweza, tsopano akuyang'anira chigawo chonse. Kabokosi kanatulukira, ndinadina "nthawi ina", n'kukwera lole ya fodya.

Ndinatsikira m'tauni ya kumalire, kumene malole amagona m'mizere ndipo aliyense amalankhula zilankhulo zitatu. Pakhonde pomwe ndinkakhala panali ofesi ya mayi wina wolembera madalaivala zikalata za katundu. Mayiyo anali wamtima wapachala. Kompyuta yake ikangouma ankazula pulagi kukhoma, kapena kukanikiza batani la moto mpaka sikirini ithime, uku akuitukwana. Tsiku lina inakana kudzuka bwino, ndipo anandiitana.

"Mumaipha, mayi," ndinamuuza. "Mukazula pulagi ili mkati molemba, mumang'amba zimene imalembazo. Yambani mwaseva. Tsekani zonse chimodzi chimodzi. Kenaka iuzeni iyambirenso, ndipo ikati ikuika maapudeti, manja m'thumba. Muzitero kamodzi pa sabata."

Mawu a a Gwaza ankatuluka okha m'kamwa mwanga, osaphonya ngakhale amodzi. Kompyuta ija inachira. Mayiyo anaomba m'manja, nandigulira chipisi.

"Koma inu ndi katswiri! Mukufanana ndi mtsikana wina wa bungwe amene anadutsa kuno chaka chatha. Ameneyo ndiye anali dolo."

Chipisi chija chinandiwawa m'kamwa. Ngakhale kumalire a dziko ndinkapeza mapazi ake atanditsogolera. Ndinabwerera pakhonde panga, pamene laputopu yanga inkalira fani ngati njuchi zili m'chitini. Kabokosi kanali kakundidikira. Nthawi ina.

Kuchokera pamenepo moyo wanga unali wa batire. Ndikakwera basi maso ankakhala pa kachizindikiro kake, chifukwa likanatha, zenera likanafa. Ndinatsikapo pakati pa ulendo n'kuyenda wapansi kufuna nyumba ya sola. Ndinagwadirapo wometa tsitsi kuti azule makina ake ndilumikize chaja. Magetsi akathima ndinkathamanga m'misewu ngati mayi wa mwana wodwala. Za Mwatitha ndinkadziwa zonse: nyumba imene analowa, nsalu imene anasankha pa chinkhoswe chake, tsiku limene anadwala malungo. Za ine panalibe chodziwa.

Kenaka ndinafika kumapiri, kumene mvula siikata ndipo minda ya tiyi imakwera mpaka m'mitambo. Panali kachipatala ka mishoni kumene namwino wina anandilola kutchaja m'chipinda cholembera odwala. Nditakweza maso ndinaona pepala lomatidwa pakhoma pamwamba pa kompyuta yawo. Zilembozo ndinazizindikira ndisanawerenge, zopendekera kumanzere ngati za amayi athu. "Lachisanu lililonse: sevani, tsekani, yambitsaninso, dikirani." Pansi pake panali dzina lake.

"Mukumudziwa?" anafunsa namwinoyo.

"Ayi."

"Mwana wabwino kwabasi. Chichokereni iye makinawa sanatidwalirepo. Amati ali ndi mkulu wake wodziwa kumasula kompyuta yonse, koma anasowa."

"Mwina anatopa nazo zomva za iye," ndinatero, ndipo namwinoyo anandiyang'ana modabwa.

M'tauni imeneyo ndinakumana ndi a Likongwe, mkulu wa kwaya wa maso ofooka, amene anabwera ndi kope long'ambika la nyimbo zimene anapeka pa moyo wawo wonse. Ankafuna zitayipidwe asanachite khungu. Zina zinali zitafufutika ndi chinyezi, ndiye ankandiimbira, ine n'kumalemba. Tinatha masiku atatu. Laputopu inali itafika pomati ukadina chilembo chimatuluka utapuma kawiri. Tsiku lachitatu inauma gwa, tsamba la nyimbo n'kuzimiririka. Nditalitsekulanso munali zilembo zosawerengeka zokhazokha, ngati nyerere zomwazika.

"Zabwerera, mwana wanga?" anafunsa a Likongwe.

"Zapita, agogo."

Anapinda kope lawo n'kuliika m'thumba la jekete. "Zina zija ndinazikumbukira chifukwa munalipo wondimvera. Kaya zidzabweranso." Anatuluka pamvula opanda ambulera.

Kodi mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu? Choyamba chimene ndinayang'ana iwo atangotuluka chinali zenera lija, ngati lidakalipo. Linalipo, ndipo mtima unakhala pansi. Ndi mmene nsanje inandifikitsira. Kabokosi kanabwera, tsopano kofiira, kakunena kuti makina ali pangozi. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma ine ndinadina pomwe ndinkadina.

Tauni yomaliza inali ya siteshoni ya sitima, kumene njanji zinamera udzu ndipo anthu ankakhalabe pamabenchi ngati kukubwera kanthu. Khonde linali lomwe lija, mayi wa nthochi yemwe uja. Anthu ankabwera ndi mafulashi awo, tizipangizo tija tonyamulira zolemba, ine n'kumalowetsa osafunsa kumene achokera. Sindikudziwa kuti ndi fulashi iti, kapena ndi bowo liti mwa mabowo onse amene ndinakana kutseka. Ndinangoona m'mawa wina kamuvi ka mausi kakuyenda kokha pa sikirini, manja anga ali pamiyendo.

Ndinakokera zenera patsogolo. M'makalata otumizidwa munali mazanamazana amene Mwatitha sanalembe, onse m'dzina lake, opita ku zipatala ndi masukulu onse amene ankayang'anira. Iliyonse inkati, "Tsekulani ichi mwamsanga, ndi apudeti yatsopano." Ndani akanakayikira? Linali dzina la Mwatitha. Onse anatsekula.

Mayankho anayamba kugwa ngati matalala. Sukulu ina mayina a ana olemba mayeso atsekeka. Kachipatala ka kumapiri kaja sakutha kuona kuti wodwala uti amamwa mankhwala ati. Namwino uja analemba mzere umodzi wokha: "Tinkakukhulupirirani." Patapita masiku awiri inabwera kalata ya abwana ake, yomuuza kuti abweze makiyi ndi laputopu ya bungwe.

Ndinene zoona, popeza ndayamba kale. Nditawerenga kalata imeneyo mtima wanga unavina. Kwa mpweya umodzi wokha ndinamva kukoma kumene ndinakusaka zaka zonsezo. Wagwa! Kenaka kukomako kunatha, m'kamwa n'kutsala phulusa, ndipo ndinakhala pabenchi la siteshoni osadya mpaka tsiku linalo.

M'mawa mwake ndinaona chachilendo. M'makalata osatumizidwa, mmene nthawi zonse munkakhala mopanda kanthu, munali imodzi. Mutu wake unali wakuti "Kwa achemwali anga".

"Achemwali, ndikudziwa kuti muwerenga. Imelo imaonetsa makina onse amene aitsekula, ndi dera limene ali. Laputopu yanu ndinaiona sabata yoyamba yomwe. Chala changa chinali kale pa batani lokutulutsani, koma foni yanu sinkapezeka, ndipo amayi ankalira. Ndiye ndinasiya. Lachisanu lililonse ndinkayang'ana. Ndikaona kuti mwatsekula, kaya kumalire, kaya kumapiri, ndinkawauza amayi kuti muli moyo. Ndinkadziwa kuti ndikulakwa, ine amene ndimaphunzitsa anthu kutseka zitseko. Abwana ndawauza kuti kulakwa n'kwanga, ndipo dzina lanu sindinalitchule. Lero dzuwa likafika pamutu ndisintha pasiwedi. Chotsani intaneti, sungani ntchito za anthu, muiyambitsenso, muisiye imalize. Vayirasi ikakanika mubwere nayo tidzachotse limodzi, inu ndi amene mumadziwa zam'kati. Nambala yanga sinasinthe."

Ndinawerenga kawiri. Mukudziwa chimene chinayamba kubwera? Sanali manyazi. Unali mkwiyo. Zaka zonsezo ndinkadziona ngati wochenjera wosuzumira pazenera, osadziwa kuti mwini nyumba akundiona n'kumandisiyira nyale. Pa ntchito anandiposa, pa ulemu anandiposa, tsopano ngakhale pa chibale wandiposanso. Mwana ameneyu, sangandisiyireko chimodzi?

Ndinayang'ana mthunzi wa denga la siteshoni. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Ndinati ayi, ichi chokha sanditsekera iye, nditseka ndekha.

Ndinalowa m'golosale n'kulumikiza chaja. Ndinachotsa intaneti. Ndinaseva kalata ya bambo wina yofunsira ntchito ya ulonda, ndi khadi la ukwati limene ndinali ndisanamalize. Ndinatseka mapulogalamu imodzi imodzi, iliyonse ikuchedwa ngati ikukana. Linatsala zenera la Mwatitha lokha. Kabokosi kanatulukira ndi funso lake lakale lija, ndipo ndinadina "tsopano".

Sikirini inasanduka yabuluu, n'kulemba kuti ndisazimitse. Manambala anayamba kukwera pang'onopang'ono, kenaka anaima pamodzi kwa nthawi yaitali moti chala changa chinapita chokha pa batani la moto. Ndinachibweza, n'kukhalira manja onse awiri. Mwini golosale anandipatsa mpando. Mayi wa nthochi anabwera kudzasuzumira, nafunsa ngati yafa. Inathima, inayaka, inathimanso. Pamene inali yakuda ndinaona nkhope yanga m'galasimo, ndipo inali ya munthu wamkulu kuposa amene anatuluka m'tauni ya fumbi.

Dzuwa litapendeka inabwerera. Fani inali zii. Ndinaika dzanja pansi pake, ndipo inali yozizira. Zenera panalibe.

M'malo mwake munali chithunzi chimene ndinaika pa sikirini kalekale, chimene zenera lija linkaphimba nthawi yonseyi mpaka ndinachiiwala. Tili awiri m'kashopu ka a Gwaza. Ine ndawerama pa kompyuta yomasula, sikuludiraiva m'manja. Mwatitha sakuyang'ana wojambula. Akuyang'ana manja anga, kukamwa kuli yasa.

Ndinafukula foni pansi pa chikwama, n'kuibwerekera chaja kwa mwini golosale. Nambala ndinkaidziwa pamtima. Inaitana kawiri.

"Achemwali?"

"Ndaiyambitsanso," ndinatero.

"Munaseva kaye?"

"Iwe, usandiphunzitse ntchito."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene walira masiku angapo.

"Mawa ndikupita kwa abwana ako. Ndikawauza kuti ndine. Akubwezere ntchito yako."

"Musadzivute, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Pamalo panga alembapo kale wina. Wayamba dzulo."

Ndinagwirabe foni kukhutu. Ntchito ija imene ndinaisirira mpaka kuonda, imene inandiyendetsa dziko lonse ndi makina otentha kumsana, tsopano inali ya munthu amene tonse awiri sitinkamudziwa ngakhale dzina.

"Muli pomwepo?" anafunsa Mwatitha.

"Ndilipo."

"Lachisanu likubwerali ndilibenso poyang'ana. Amayi akandifunsa ndiwauze chiyani?"

Ndinayang'ana njanji zomera udzu zija, ndi msewu wa basi kuseri kwake.

"Uwauze kuti asese m'chipinda mwanga," ndinatero. Kenaka ndinazimitsa laputopu, kudikira mpaka kanyale kake kathime, n'kuikulunga m'chitenje.